Bowo la pa North Pole linandichititsa manyazi

Achimwene, musanaike pulogalamu iliyonse pa kompyuta yanuyo kuti muonetse mmene ayezi wa panyanja ya Arctic wasinthira, imvani kaye zimene zinandigwera, chifukwa ndikazikumbukira mpaka lero thupi limachita tsembwe.

Kuika Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi cartopy (chida chake chojambulira mapu) kunandidyera masiku atatu, popeza ndinayamba ndi pip, chida choikira mapulogalamu a Python, ndipo GEOS ndi PROJ, mapulogalamu amene cartopy imadalira, zinkangokanirana, mpaka pamene ndinafufuta zonse n'kuyambiranso ndi chida china choikira chotchedwa conda. Mafayilo a miyeso ya ayeziyo ndinatenga ku NSIDC, bungwe losunga miyeso ya chipale ndi ayezi la ku Boulder, Colorado, ku America, ndipo amayambira kumapeto kwa 1978, pamene setilaiti ya Nimbus-7 inayamba kuyeza. Nditatopa, mnzanga wina wa m'kalasi anandipatsa script yake (kapulogalamu kamene analemba yekha kowerengera mafayilowo) n'kundilumbirira kuti anaiyesa ndipo ilibe vuto. Ine, mwa ulesi wanga, sindinaiwerenge.

Tsiku lofotokoza kafukufuku wanga litafika, ndinaima kutsogolo kwa aphunzitsi atatu ndi ophunzira odzaza chipinda, ndinayatsa kanema wanga, zaka n'kuyamba kuyenda bwinobwino. Titafika pa 1987, mzere wa pagirafu unalumphira m'mwamba ngati kuti ayezi wochuluka wabadwa usiku umodzi, ndipo ine, mopanda manyazi, ndinayamba kufotokoza kuti mwina chaka chimenecho kunazizira kwambiri. Mphunzitsi wina wachikulire anavula magalasi ake, analoza kadontho kozungulira pakati pa mapu, n'kundifunsa mwaulemu woopsa kuti kadontho kameneko ndi chiyani. Ndinangoti kakasi, m'kamwa mutauma, thukuta likutsikira m'kolala, ndipo ndinamva wina akuseka chapansipansi kumbuyo. Kadonthoko ndi malo a pa North Pole amene setilaiti sitha kuwaona chifukwa cha njira imene imadutsa, ndipo pamene chipangizo choyezera ayezi chotchedwa SMMR chinalowedwa m'malo ndi china chatsopano, SSM/I, mu 1987, bowolo linachepa kwambiri. Script ya mnzangayo inkawerenga bowolo ngati madzi, choncho litachepa, ayezi anaoneka ngati wachuluka. Chimene chinasintha chinali diso la setilaiti, osati nyanja ayi.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mwini script uja anali m'chipinda momwemo, atapinda manja, ndipo sanatsegule pakamwa. Pambuyo pake anandiuza kuti iye ankagwiritsa ntchito zaka za 1990 kupita m'tsogolo zokha, ngati kuti kundiuza zimenezo poyamba kukanamuthyola lilime. Sanapepese n'komwe.

Tsono musakhulupirire script ya munthu wina aliyense, lembani yanu ndipo muidziwe mzere uliwonse. M'mafayilo akale aja, manambala oyambira 0 mpaka 250 ndiwo kuchuluka kwa ayezi, koma 251 ndi bowo lija, 254 ndi mtunda ndipo 255 akutanthauza kuti palibe chimene chinayezedwa. Mukapanda kuwachotsa, Greenland yense adzawerengedwa ngati ayezi wa panyanja. Musiyanitsenso extent ndi area, chifukwa area imawerenga gawo lokhalo lokutidwa ndi ayezi, pamene extent imawerenga kathunthu kabokosi kalikonse ka pa mapu, ka makilomita 25 mbali iliyonse, kamene ayezi wafika 15 peresenti, ndipo NSIDC imaphatikiza bowolo mu extent ngati ayezi. Mapu anu akhale a polar stereographic, amene amaika North Pole pakati, osati a mtundu wa Mercator amene sangathe n'komwe kuonetsa North Pole. Mukamaliza, yang'anani September 2012: ngati simukupeza extent ya pafupifupi masikweya kilomita 3.4 miliyoni pa tsiku lotsikitsitsa, china chake chalakwika.

Komabe kunena zoona, mukanakhala m'bale wanga ndikanakuuzani kuti musadzivutitse ndi kulemba chilichonse. Tengani pulogalamu yoonetsera mapu, Panoply ya NASA kapena QGIS, mutsegule mafayilo okonzedwa kale a NSIDC otchedwa Sea Ice Index, ndipo mupemphe wina amene anadutsamo kale akuonereni musanaime pagulu. Script yanga yokonzedwa ndili nayo, mukaifuna ndikutumizirani madzulo ano.