Zoti Zomba ndi tauni yakufa musazimvere

Achemwali, mwati kuntchito akukusamutsani kuchoka ku Lilongwe kubwera kuno ku Zomba, ndiye mukufunsa ngati kuli malo odyera abwino, ngati chitukuko chilipo, komanso ngati n'zoona zomwe anzanu akukuuzani zoti kuno ndi tauni yakufa. Ndikuyankheni monga munthu wokhala konkuno, mundikhululukire nditalikitsako.

Zakufazo ayi ndakana. Kungoti Zomba ndi yaing'ono, kalembera wa 2018 anapeza anthu ongopitirira pang'ono 100,000, ndipo m'tauni mwenimwenimo mutha kuzungulira wapansi osatopa. Kukangoyamba mdima mashopu ambiri atseka, anthu ali m'makwawo. Ngati munazolowera za ku Gateway Mall kapena kuchezera ku Bwandilo mpaka usiku, mwezi woyamba muvutika ndithu, izi ndisakubisireni.

Za madyedwe. Malo oti mukhale pansi akupatseni menyu alipo koma ndi owerengeka, ambiri ali m'malojimu, ndipo tsiku lomwe mwalandira mukafuna kudzipepesa kwerani phiri mukadye ku Ku Chawe uku mukuona tauni yonse m'munsimo. Koma ife eni akefe sitidya kumeneko tsiku ndi tsiku, chakudya cha Zomba chili mumsika basi. Mudzalawire m'mawa Loweruka mudzaone nokha, amayi angotsitsa kumene madengu, mpiru udakali ndi mame, nkhwani zomangamanga ndi luzi, kachewere wa kuphiri dothi lake lofiira lidakalipo, mapeyala, nthochi, tomato wounjika milu, ndipo mukagula bwino osanyinyirika mayiyo akuponyerani ka prize pamwamba. Mpunga ndi wa konkuno, wolimidwa m'masikimu a Domasi ndi Likangala kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Nsomba zake ndi matemba ndi milamba yowamba ya ku Chilwa komweko, chambo chimachokera mbali ya ku Mangochi ndiye mtengo wake mukudziwa kale. Matemba otendera, nsima yoyera, kambuzi pambali, ine chakudya chimenechi sindingachisinthanitse ndi cha hotela iliyonse.

Masana ngati simunatenge kanthu kunyumba lowani m'timalesitilanti ta pafupi ndi msika ndi depoti, nsima ya nkhuku ya lokolo kapena nyemba, mukhuta ndipo chenji chitsala. Langizo langa ndi loti muzilowa momwe mwadzadza anthu a m'maofesi, ndiwo za mmenemo sizigonera. Madzulo ndi pachiwaya, tchipisi, kanyenya, mang'ina, ku Chinamwali ndi ku Matawale simungasowe. Ndipo mukamakwera kuphiri mupeza anyamata m'mbali mwa msewu akugulitsa ma strawberry ndi mabulosi m'timbale nyengo yake ikafika, mtengo woyamba omwe akutchulireni musavomere msanga, nenererani mwaulemu amatsitsa.

China choti mudziwe, tauni ino imayendera ana a ku yunivesite ya Chanco, pano akuti UNIMA. Sukulu ikatsegulidwa ku Chikanda kumakhala piringupiringu, a kabaza akuseka, ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa akutha katundu 10 koloko isanakwane, malandilodi mtima uli m'malo. Akangotsekera geni yonse imagwa, mpaka ometa tsitsi amadandaula. Ndiye ngati anzanuwo anabwera nthawi ya holide n'kutheka ndi pomwe anatengera zoti kuno kulibe moyo.

Tsopano pa chitukuko apa ndi pomwe timakanganirana tokhatokha. Akuluakulu ambiri akadali ndi chilonda cha 1975 pomwe likulu linasamukira ku Lilongwe, kenako Nyumba ya Malamulo nayo inatsatira mu 1994, ndipo amati kuyambira pamenepo boma linatiiwala. Zina n'zoona, mukaona nyumba zakale za boma momwe zina zathera utoto ndi madenga a dzimbiri mtima umawawa. Komabe si zonse zinapita, MANEB ili konkuno, National Statistical Office, National Archives, asilikali a ku Cobbe Barracks, chipatala chachikulu, zonsezi ndi zomwe zimabweretsa malipiro m'tauni muno kumapeto kwa mwezi. Achinyamata ndiye amafuna ma mall, malo achisangalalo ndi mafakitale, ndipo sindiwada ayi, mwana wamaliza digiri pompano koma ntchito akaipeze ku Blantyre kapena ku Lilongwe, zimenezi n'zopweteka kwa kholo lililonse. Ndalama zathunso zimathera ku Limbe, poti ndi ulendo wa ola limodzi ndi kanthu pa minibasi anthu amangoti ndikagule konko, ndiye wa shopu wa kuno akula bwanji?

Ine maganizo anga, ndipo ndimanena paliponse, mall ibwere koma si yomwe ikundisowetsa tulo. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi phirili. Madzi omwe timamwa amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba paja, kamphepo kozizirira komwe alendo amatisirira nako kamachokeranso komweko, koma mitengo ikutha tikuona. M'mawa uliwonse mukumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, thukuta lili kamukamu, abambo akukankha njinga zodzadza matumba a makala, ndipo simungawakalipire poti magetsi akazima ndife tomwe timagula makalawo. Chilimwe moto umayaka m'phirimo usiku kumaoneka mzere wofiira kuchokera m'tauni. Mvula ikabwera madzi amatsika mwaukali, mtsinje wa Likangala umadzadza, misewu ya m'makwalala imakumbika, ndipo amene tinaona za namondwe wa Freddy mu 2023 m'chigawo chino cha kummwera sitifunanso wina atifotokozere kuti phiri lopanda mitengo limatani. Nyanja ya Chilwa nayo inaphwa mu 1995 ndipo mu 2018 inatsala pang'onong'ono, matemba aja anasowa. Chitukuko chomwe ndikufuna ine chiyambire pamenepo, kubzala ndi kuteteza mitengo, ngalande zoti madzi azidutsa, kuchotsa zinyalala kumsika nthawi yake, magetsi a mumsewu kuti mayi wochoka ku geni madzulo aziyenda mosaopa.

Za nyumba, ngati thumba likulola yang'anani ku Kalimbuka, Mulunguzi kapena Old Naisi, kuli phee. Ku Matawale ndi kwapakatikati ndipo mayendedwe savuta, ku Chinamwali, Sadzi ndi Mpondabwino lendi imatsikako koma kuli anthu ambiri. Yambani kufunafuna ana asukulu asanatsegulire chifukwa akafika nyumba zimasowa ndipo mitengo imakwera, komanso musanapereke ndalama funsani maneba momwe madzi amayendera pamalopo nthawi ya dzinja, landilodi yekha sangakuuzeni. Majuzi ndi bulangete lolemera musasiye, June ndi July kuno chiperoni chikagwa kumazizira zenizeni. Mukafika lembani mugulu momwe muno kuti ntchito yanu ili mbali iti, tikuuzani dera lomwe lingakuchepetsereni ndalama ya kabaza.