Funsani Tikuyankheni: Kukonzekera phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso

FUNSO: A Mkonzi, ndine mtsikana wa ku Ulongwe m'boma la Angónia, ndipo ndikuphunzira za umoyo. Chigawo chikubwerachi tiyamba phunziro la Microbiologia, la tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo atiuza kuti za m'kalasi tizidzatsatira pa intaneti tili kwathu, pamene za mu labotale tizikachitira mumzinda wa Tete masiku owerengeka okha pamwezi. Chibadwire sindinagwirepo maikulosikopu, kompyuta ndilibe koma foni yokha, ndipo anzanga amene anadutsamo akundiopseza kuti ambiri amalephera. Kodi miyezi iwiri yatsalayi ndikonzekere bwanji? Ndine Wodera Nkhawa, Ulongwe.

YANKHO: Zikomo achemwali chifukwa chofunsa nthawi ikadalipo. Za maikulosikopu musataye nazo tulo, chifukwa kagwiridwe kake mudzakaphunzira tsiku loyamba lomwelo. Chimene chimagwetsa ophunzira pa maphunziro ogawidwa pawiri otere ndi kuyesa kuti gawo la pa intaneti likhoza kudikira, kenaka n'kufika mu labotale asakudziwa chifukwa chimene akuchitira chilichonse. Mabakiteriya ali ndi nthawi yawoyawo. Amene mwabzala m'mbale yomeretsera tizilombo lero amafuna kukhala pamalo ofunda madigiri 37 kwa maola 18 kapena 24 kuti aoneke, ndiye mukalakwitsa tsiku loyamba, tsiku lachiwiri mulibe choti muone, ndipo mwayi wina ungadzapezeke mwezi wamawa. Choncho chilichonse chimene muchite m'miyezi iwiriyi chikhale chokuthandizani kulowa mu labotale mutadziwa kale ntchito ya tsikulo.

Yambani ndi kubwereza zakale. Mudziwe bwino kusiyana kwa selo ya bakiteriya, imene ilibe phata lokutidwa, ndi selo ya munthu kapena ya yisiti, ndiponso chifukwa chimene vairasi sangachulukane popanda kulowa m'selo ya chamoyo china. Mubwerezenso za pH (muyeso wa kuchuluka kwa asidi), mapuloteni ndi DNA. Koma ndikupempheni kuti nthawi yochuluka muipereke ku masamu, pakuti ambiri sayembekezera kuwapeza m'phunziro limeneli. Mukatenga mililita imodzi ya madzi a pachitsime n'kuithira m'mamililita 9 a madzi opanda tizilombo, mwasungunula kakhumi. Mukachita zimenezi kanayi motsatizana, mwasungunula ka 10,000, ndipo ngati mililita imodzi ya madzi omalizawo yameretsa timagulu ta mabakiteriya 52 m'mbale, ndiye kuti mililita imodzi ya madzi oyamba aja inali ndi mabakiteriya amoyo pafupifupi 520,000. Mbale zodalirika powerenga ndi zimene zili ndi timagulu pakati pa 30 ndi 300. Yesaninso iyi: Escherichia coli akapeza chakudya ndi kutentha koyenera amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse, kotero kuti mmodzi yekha amaposa 2 miliyoni pakatha maola 7. Masamu amenewa safuna intaneti kapena ndalama, amangofuna kope ndi pensulo.

Maina achilatini amaopsa akakhala pamndandanda, koma amagwirika mukawamangirira ku zinthu zimene mukuzidziwa kale. Vibrio cholerae ndi amene amayambitsa kolera, imene inasautsa chigawo chathu cha Tete ndi dziko loyandikana nalo la Malawi mu 2023. Mycobacterium tuberculosis, amene Robert Koch anamuzindikira mu 1882, ndiye wa chifuwa chachikulu. Plasmodium falciparum ndi wa malungo, ndipo mukumbukire kuti ameneyu si bakiteriya. Chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga zosauma bwino nthawi zambiri chimakhala Aspergillus flavus, amene amatulutsa poizoni woononga chiwindi. Popeza muli ku Angónia kumene soya ndi nyemba n'zosasowa, dzinja likafika zulani mtengo umodzi wa soya, mutsuke mizu, muone timatuza tomera m'mizumo. Kang'ambeni kamodzi ndi chikhadabo, ndipo ngati m'kati muli mofiirira, dziwani kuti mabakiteriya okhala m'menemo ali pa ntchito yotenga nayitrojeni mumpweya n'kumapatsa mbewuyo. Maphunziro anu adzakhala m'Chipwitikizi, koma mukamaliza mutu uliwonse yesani kuufotokozera mng'ono wanu m'Chichewa, chifukwa pamene mudzakakamire pofotokoza ndi pomwe simunamvetse.

Pa ntchito zonse za mu labotale, imene ndikufuna muiloweze musanapite ku Tete ndi kudaya mabakiteriya mwa njira ya Gram, imene dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, anaitulukira mu 1884. Mumapaka mabakiteriya pang'ono pagalasi, kudikira kuti aume, ndi kudutsitsa galasilo pamoto mwachangu kuti amatirire. Kenaka mumathira utoto wa crystal violet kwa mphindi imodzi, ayodini kwa mphindi inanso, alikoholo kwa masekondi ochepa chabe, ndipo pomaliza utoto wofiira wa safranin, mukutsuka ndi madzi pakati pa gawo lililonse. Mabakiteriya a khungu lochindikala amasunga utoto woyamba uja n'kuoneka a pepo, ndipo amenewo ndi Gram positive, pamene a khungu lopyapyala amasuluka ndi alikoholo n'kutenga utoto wofiira, ndipo ndi Gram negative. Pogona nkhani ndi pa alikoholo. Mukachedwa kutsuka, ngakhale a khungu lochindikala amasuluka ndipo mumalemba yankho labodza, ndipo mukapaka mochindikala kwambiri, alikoholo salowa ponseponse. Wophunzira amene wamvetsa za khungu la bakiteriya amadziwa yekha pamene dzanja lake lachedwa, koma amene akungotsatira pepala amadabwa kuti galasi lake lasiyana bwanji ndi la mnzake. Ndiponso nkhaniyi si ya mayeso okha, chifukwa kuchipatala yankho limeneli limathandiza dokotala kusankha mankhwala oyamba kupatsa wodwala.

Foni yanu ikhoza kukwanira pa zowerenga ndi makanema, bola mukhale ndi dongosolo. Sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito pulogalamu yophunzirira pa intaneti yotchedwa Moodle kapena njira ina yofanana nayo, ndiye funsani msanga, mulowemo maphunziro asanayambe, ndipo muone ngati zolemba zikutseguka pafoni. Tsitsani zonse za sabata imeneyo nthawi imodzi pamene netiweki ili bwino, kuti muziwerenga ngakhale magetsi atazima. Dziikireni maola okhazikika tsiku lililonse, ndipo akunyumba muwauze poyera kuti pa maola amenewo muli m'kalasi, pakuti mwana wamkazi akaoneka ali pakhomo ndi foni m'manja, ntchito zimamupeza. Kanema muzionera mutakhala tsonga, mukujambula m'kope zimene mukuona. Pa mayeso owerengedwa nthawi ndi polemba malipoti, konzeranitu kumene mungabwereke kompyuta, ndipo mufunse aphunzitsi pasadakhale zimene zimachitika intaneti ikaduka mayeso ali m'kati.

Ulendo wa ku Tete muzinyamuka kutatsala tsiku limodzi, osadalira chapa (minibasi) ya m'mawa wa tsiku lomwelo. Mutenge bata (chovala cha mu labotale) yoyera ya manja aatali, kope lolimba ndi cholembera chosafufutika. Inu ozolowera kuzizira kwa ku Angónia mudzavutika ndi kutentha kwa m'mphepete mwa Zambezi, komabe nsapato zikhale zotseka zala, tsitsi likhale lomanga, ndipo madzi akumwa muzimwera kunja. Mu labotale simudyedwa kanthu, simuyamwa madzi m'kachubu ndi pakamwa, ndipo foni siikidwa pathebulo logwirirapo ntchito. Kawaya kotengera mabakiteriya mukatenthe mpaka kafiire, kenaka mudikire kazizire, chifukwa kakali kotentha kamapha zomwe mukufuna kubzala. Dzina ndi tsiku muzilemba kunsi kwa mbale, osati pachivundikiro chimene chingasinthane ndi cha wina, ndipo mbale zimasungidwa chozondoka kuti madontho a nthunzi asagwere pa zomerazo. Pa maikulosikopu, mafuta oonera amathiridwa pagalasi pokhapokha mukugwiritsa ntchito diso lakumunsi la 100, limene pamodzi ndi diso lakumwamba la 10 limakulitsa chinthu ka 1,000. Mukataya kanthu kapena kuswa galasi, nenani nthawi yomweyo, musabise. Ngati muli ndi pakati kapena chitetezo cha m'thupi mwanu ndi chofooka, uzani aphunzitsi mwamseri phunziro lisanayambe kuti adziwe ntchito zoyenera kukupatulani.

FUNSO: Ndine bambo wa ku Furancungo, ndipo mwana wanga ayamba phunziro lomweli. Akundipempha kuti ndimugulire maikulosikopu ndi mbale zomeretsera tizilombo kuti aziyeserera kunyumba. Kodi ndigulitse mbuzi ndimugulire?

YANKHO: Bambo, mbuzizo zisungeni. Maikulosikopu otsika mtengo amene amagulitsidwa ngati a ana saonetsa mabakiteriya bwinobwino, ndipo abwino ake mwana wanu akawapeza ku sukulu. Za mbale zomeretsera ndikukanizani ndithu, chifukwa palibe angadziwe chimene chamera m'menemo, ndipo tizilombo tochepa timene thupi likanalimbana nato timasanduka mamiliyoni usiku umodzi. Ku labotale mbale zogwiritsidwa kale ntchito amaziphika m'makina a nthunzi otchedwa autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15 asanazitaye, chinthu chimene pakhomo simungachite motsimikiza. Ngati muli ndi ndalama yoti mumuthandizire, igawireni ku intaneti ya mwezi ndi mwezi, ku batire yosungira moto wa foni, ku bata ndi nsapato, ndiponso ku ulendo ndi malo ogona masiku a labotale, chifukwa tsiku limodzi la labotale limene angajombe posowa ndalama yoyendera silibwezereka ndi chipangizo chilichonse chimene mungamugulire.