Kodi boma likuwerenga za pagulupu yathu? Yankho kwa mayi adimini

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene ndi adimini wa gulupu ya WhatsApp ya anthu a mudzi wakwawo. Dzina lawo ndi la mudziwo ndasunga. Akuti gulupuyi inayamba ndi nkhani yosonkha ndalama zokonzera mjigo, kenako inasanduka ya zonse: maliro, maukwati, odwala, ngakhale mbuzi yosowa. Muli anthu 140, ena ali kumudzi, ena m'tauni, ena ku Joni. Tsono mwezi wathawu mnyamata wina wa ku Joniko anaponyamo voice note ya mphindi zinayi, kulalata za mtengo wa feteleza, mpaka kutchula akuluakulu ena ndi mawu oti sindingawalembe pano. Usiku womwewo amalume awo anatuluka m'gulupu, m'mawa n'kuwaimbira kuti aitseke msanga chifukwa boma lili ndi makina omva chilichonse. Amuna awo akuti ayi, wopanda mlandu saopa kanthu. Funso lawo ndi ili: "Kodi n'zoona kuti boma limawerenga mauthenga athu? Nditseke kapena ndisiye?"

Mayi, gulupuyo musatseke. Koma amalumewo musawasekenso ayi.

Ngati ali a msinkhu umene ndikuwaganizira, anakula nthawi imene munthu unkayamba wayang'ana uku ndi uku usanatchule dzina la Kamuzu. Anaona ayufi akutsekereza anthu pachipata cha msika kufunsa khadi ya chipani, ndipo mwina akudziwa wina amene anakagona ku Mikuyu chifukwa cha mawu amene anamupulumuka pamowa. Mantha otero satha chifukwa choti kunachitika referendamu mu 1993. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti masiku amenewo kunalibe WhatsApp, kunalibe makina. Ankanenera anzawo anali anthu, ndipo nthawi zambiri anthu omwera nawo chipanda chimodzi. Mbali imeneyi sinasinthe kwenikweni.

Za makina zili motere. Kuyambira mu April 2016, uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umachoka m'foni mwanu utakiyidwa, ndipo kiyi wake amakhala m'foni ya woulandira yekha. Ndi zimene amazitcha end-to-end encryption. Airtel kapena TNM amangonyamula katundu womangamanga, sangathe kumasula kuti aone zam'kati. Choncho zoti pali munthu ku Lilongwe wakhala pakompyuta akumvetsera voice note ya mnyamata wanuyo pamene ikudutsa mumlengalenga, zimenezo zichotseni m'mutu. Ma SMS ndi kuimba kwa mayunitsi ndi nkhani ina. Izo zimadutsa m'manja mwa kampani ya netiweki zopanda loko wotere.

Alipo mapulogalamu a ukazitape amene amalowa m'foni momwemo n'kumawerenga zonse zisanakiyidwe. Wotchuka ndi Pegasus, wa kampani ya ku Israel ya NSO Group. Mu 2021 atolankhani a m'mayiko osiyanasiyana anaulula mndandanda wa manambala pafupifupi 50,000 a anthu amene makasitomala a kampaniyo ankawafuna, ndipo munali nambala ya Cyril Ramaphosa ndi ya Emmanuel Macron. Koma chida chimenecho n'chokwera mtengo zedi, amasakira atsogoleri, atolankhani ndi omenyera ufulu. Palibe angachiwonongere pa gulupu ya mjigo.

Vuto lanu lili pafupi kuposa pamenepo. Gulupu ya anthu 140 ili ndi makiyi 140. Aliyense mwa iwowo angathe kujambula screenshot kapena kuponya voice note ija kwina, ndipo palibe loko woletsa zimenezo. Taonani milandu ya WhatsApp imene inamveka kuno kwathu. Mu February 2016, boma lili m'manja mwa DPP, apolisi anamanga a Jessie Kabwila, a Peter Chakhwantha ndi a Ulemu Msungama a MCP, zokambirana za pagulupu ina zitatulukira poyera. Mu 2022, boma lili m'manja mwa MCP ndi anzake a Tonse, namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba pagulupu onena za mtsogoleri wa dziko. Kuti mawu a pagulupu afike kupolisi sipafunika makina. Pamangofunika chala chimodzi cha munthu amene ali momwemo, mwina wina amene munakangana naye za malire a munda zaka zitatu zapitazo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Masiku ano mlomowo umatsala uli ndi tsiku, ola ndi nambala yako pamwamba.

Khomo lachiwiri ndi foni yeniyeniyo ikagwa m'manja mwa wina. Mu April 2022 apolisi atagwira mtolankhani Gregory Gondwe ku Blantyre, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma, anamulandanso foni ndi laputopu. Foni ikatsekulidwa, encryption ija yathera pomwepo. Ndipo si apolisi okha. Ine foni yanga itasweka galasi ndinapita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, m'kakontena kodzaza mabatire otupa ndi zikuto zakale. Anaitembenuza kawiri, n'kunena osandiyang'ana n'komwe: "PIN yake, bwana, kuti ndiyese touch." Ndinamuuza. Ndinapita kukadya chipisi, ndinabwerako patatha ola lathunthu. Sindikuti anachita kanthu. Koma kwa ola limenelo mauthenga anga onse, zithunzi za ana ndi mameseji a kubanki zinali m'manja mwa munthu amene ngakhale dzina lake sindilidziwa, ndipo ndinamupatsa ndekha ndikumwetulira. Ine yemwe amene ndimalemba za zinthuzi.

Tsopano tibwere kwa bambo a kunyumba, chifukwa mawu awo ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa a amalume.

Ngakhale zam'kati mwa uthenga zisaoneke, pali zambiri zimene zimaoneka. Ganizirani za mlonda wa pageti. Samva zimene zikukambidwa m'nyumba, koma amadziwa amene walowa, nthawi imene walowa, ndi kuti watuluka m'bandakucha. Mlonda wotero akafuna kukuwonongerani banja safunika kumva liwu ndi limodzi lomwe. Kampani ya netiweki ili ngati mlondayo. Imadziwa nambala imene mwaimbira, kwa mphindi zingati, ndiponso nsanja imene foni yanu inali kulumikizana nayo, kutanthauza dera limene munali. Ya ndalama za pafoni imadziwa amene mwamutumizira ndi kuchuluka kwake. Kale zonsezi zinkangoloza ku nambala. Koma mu 2017 bungwe la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, ndipo mu 2018 linayamba kugwira ntchito lamulo loti nambala iliyonse ilembetsedwe, apo ayi itsekedwa. Chiyambire pamenepo nambala ili ndi dzina, nkhope ndi mudzi.

Ndiye afunseni bambowo mwaulemu ngati angalole kuti mndandanda wa onse amene anawaimbira chaka chino upachikidwe pachitseko cha tchalitchi. Osati zimene anakamba, mayina okha ndi nthawi. Munthu amene amaimbira wakatapila tsiku la 20 mwezi uliwonse sanaphwanye lamulo. Mayi amene amapita kukalandira mankhwala kuchipatala cha kutali kuti anansi asamuone alibe mlandu. Mphunzitsi amene anaimbira mtolankhani za chimanga cha sukulu chimene chinasowa wachita bwino kumene. Onsewa ndi osalakwa, ndipo onsewa ali ndi choti aope. N'chifukwa chake gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi zokambirana za pafoni. Silinalembedwere mbava.

Chinanso n'chakuti wonena kuti uwu ndi mlandu si inu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi ndime zoletsa kuzunza kapena kunyoza ena kudzera pa intaneti, koma mawu ake ndi otambalala moti wapolisi akafuna angakwanitsemo zambiri. Linakhazikitsidwa ndi boma lina, amene anadzamanga nalo anthu ambiri ndi boma lotsatira. Boma linasintha mu 2020, lasinthanso mu 2025, koma malamulo ndi zida zimatsala mu ofesi kudikira wolowamo. Amene amaombera m'manja chida chikamagulidwa chifukwa chipani chawo chikulamula amaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Makina amene amalume akunena ndikuganiza kuti ndi aja anthu anawatcha "spy machine", dzina lake lenileni CIRMS, amene MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawayilesi, inagula nthawi ya Bingu. Bungweli linkati ndi oyezera ubwino wa netiweki ndi kuona ngati makampani akupereka ndalama zoyenera. Anthu anakasuma, High Court inaletsa, kenako Supreme Court of Appeal inadzalola. Kumayambiriro kwa 2025 kunabukanso phokoso pamene zinamveka kuti MACRA ikugula kwa kampani ya ku Ghana ya Hashcom chida cholondolozera nkhani zabodza pa intaneti, cha ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni, chisankho chili pafupi. Iwo anati sichidzalowa m'mauthenga a anthu. Mwina n'zoona. Changa ine n'chakuti pankhani zotere sitiyenera kukhalira "mwina". Mu 2024 tinapeza lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act, chinthu chabwino ndithu, koma udindo woliyang'anira unaperekedwa kwa MACRA yomweyo. Wolembetsa manambala ndi iyeyo, wogula zida zolondolozera ndi iyeyo, wolandira madandaulo ndi iyeyonso. Ngakhale atakhala anthu oongoka chotani, kumeneko n'kumusenzetsa munthu mlandu woti adziweruze yekha.

Ku South Africa, kumene kuli ena a pagulupu panu, anafikapo pena. Mtolankhani Sam Sole wa amaBhungane atazindikira kuti akazitape a boma ankamvetsera foni yake, nkhani inakafika ku Constitutional Court, ndipo mu February 2021 khothilo linagamula kuti lamulo lawo la RICA, lokhudza kumvetsera mafoni a anthu, linali loperewera. Chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti munthu amene ankamumvetsera sankauzidwa ngakhale kafukufuku atatha, ndiye analibe mpata wokadandaula. Ine sindikana kuti apolisi azifufuza. Amene anaberedwapo ndi aja a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" amafuna wakubayo apezeke, ndipo amapezeka ndi njira zomwezi. Koma pakhale woweruza wovomereza kaye, pakhale malire a nthawi, ndipo mwini wake adzauzidwe pambuyo pake. Funso loti muziwafunsa aphungu akabwera kudzagawa mipira ndi limeneli.

Pakali pano, zoti muchite pagulupu n'zochepa. Onani mndandanda wa mamembala, nambala imene palibe akuidziwa mwini wake muichotse, ndipo link yolowera muisinthe ngati inayendapo m'magulupu ena. Auzeni anthu asiye GB WhatsApp ndi anzake aja okongola mitundu, chifukwa si a kampani yeniyeni ndipo palibe akudziwa kumene amatumiza zinthu. Aliyense atsekule two-step verification, imene ndi PIN yowonjezera yotetezera WhatsApp yake, ayang'anenso pa linked devices ngati palibe kompyuta yachilendo. Nambala ya manambala sikisi ija imabwera pa SMS asapatse munthu, ngakhale wonena kuti ndi wa kuofesi. Mungathenso kutchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha masiku 7 kapena 90, ngakhale izi siziletsa screenshot. Foni ikamapita kokonzetsa, muzikhala pomwepo. Chipisi chidikire.

Ndale musaziletse. Mtengo wa feteleza ndi nkhani ya mudzi kuposa mbuzi yosowa ija, ndipo anthu akayamba kuopa kuitchula pakati pa abale awo, ndiye kuti tabwerera kumene amalume anachokera popanda wotikankha. Chimene mungapemphe n'chakuti munthu alankhule pagulupu zimene angalankhule pabwalo la mfumu, anthu onse ali pomwepo: adzudzule, afunse, atchule mitengo, koma asatukwane kapena kunamizira munthu umbava popanda umboni. Mnyamata wa ku Joniyo muimbireni panokha, osati pagulupu. Mumukumbutse kuti iye ali kutali, koma mayi ake ali pamudzi pomwepo, ndipo Disembala adzafuna kudutsa pa Mwanza kapena pa Dedza.

Amalume musawabwezere m'gulupu mokakamiza. Muziwaimbira kuwauza za maliro ndi za msonkhano, ndipo chopereka chawo cha mjigo azipatsira msungichuma pamanja monga ankachitira kale.