Yankho kwa achemwali pa za dzino la mwana

Achemwali, ndamva funso lanu lija, loti mwana dzino lake lalikulu lakumbuyo latuluka lili kale ndi madontho achikasu, ndiye mukufunsa ngati ndi maswiti kapena kusatsuka. Chonde musamukalipire mwanayo. Ngati latuluka m'nkhama lili choncho, nkhaniyo ndi yakale.

Mvetserani. Choyera cholimba chakunja kwa dzino, chomwe madokotala amati enamel, chimapangika dzino lisanaoneke, lili m'kati mwa nsagwada. Pali maselo otchedwa ameloblast amene amachiyala pang'onopang'ono, chikadali chofewa, kenako amachotsamo madzi n'kulowetsamo mchere wa calcium ndi phosphate mpaka chiume gwa. Zili ngati njerwa, kuumba kaye kenako kuwotcha. Chikakhwima, magawo 96 pa 100 alionse amakhala mchere wa mtundu umenewu, ndipo m'thupi monse mulibe cholimba kuposa chimenechi. Koma dzino likangotuluka, maselo aja ntchito yawo yatha, amatheratu. N'chifukwa chake fupa likathyoka limalumikizana koma dzino likabenthuka silimeranso.

Tsono dzino limene mukunenalo limatuluka mwana ali ndi zaka 6, koma limayamba kuuma nthawi imene akubadwa, n'kupitiriza mpaka zaka ngati 3. Mwana akadwala kwambiri zaka zimenezo, kutentha thupi pafupipafupi, kaya kuperewera zakudya, maselo aja amasokonezeka ndipo chipsera chimatsala pa dzino. Madzi a pamjigo okhala ndi mchere wotchedwa fluoride wochuluka nawonso amadetsa mano a ana osafika zaka 8, monga zimaonekera m'madera ena a ku Nsanje ndi ku Machinga. Mankhwala a tetracycline chimodzimodzi, n'chifukwa chake ana aang'ono sapatsidwa mwachisawawa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'choti ambiri amaliyesa dzino laubwana, ati lichoka lokha. Ayi ndithu, limeneli ndi la moyo wonse, ndipo la madontho limabowoka msanga. Mupite naye ku Queens, ku chipatala cha mano, akalione. Akhoza kulimata pamwamba lisanayambe kuwawa. Panopa azitsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pang'ono ngati njere ya nandolo, alavule osameza. Sobo ndi maswiti muchepetse, makamaka usiku.

Ndipo wamng'ono uja mukumuyamwitsayo, mano ake akupangika panopa. Akayamba kudya musamumane usipa wosinja m'phala. Mukapangana tsiku lopita ku Queens mundiuze, ndikudikirani pa Ginnery Corner tipitire limodzi.