Damu la Mpatamanga: pa fomu ya kalembera palembedwa dzina la yani?

Mayi, mukuti dimba lomwe malemu amayi anu anakusiyirani m'mbali mwa Shire lili m'dera lomwe lidzamire damu la magetsi la Mpatamanga likamangidwa. Tsiku lomwe kunabwera anthu a kalembera wa malo ndi mbewu zomwe zidzalipiridwe inu munali kuchipatala ndi mwana, ndiye malume anu, monga mwini mbumba, ndiwo anaonetsa malire n'kusaina. Mukufunsa ngati mudzi ungaletse damuli kukhoti, komanso ngati chipukuta misozi chidzafike m'manja mwanu.

Zoletsa damu ndi zovuta. Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limalola boma kutenga malo pa ntchito yopindulira anthu onse, bola eni ake adziwitsidwe mokwanira, alipidwe moyenera, ndipo akhale ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Kuti magetsi ndi ofunika, woweruza aliyense akudziwa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo zigayo ndi zipatala zomwe zinaona zakuda. Mpatamanga akuyembekezeka kupereka oposa 350. Chomwe chimandiwawa n'chakuti wopindula ali kutauni, pomwe wotaya dimba lodyetsa ana m'chilimwe, doko la asodzi ndi manda a makolo ndi inu. Pomanga damu la Kariba pa malire a Zambia ndi Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi n'kukaikidwa kumtunda kouma, ndipo zidzukulu zawo zikudandaulabe. Komabe khoti kawirikawiri siliyeza phindu la damu ndi kuipa kwake. Limaona ngati ndondomeko inatsatidwa, monga lipoti la momwe ntchitoyo ikhudzire anthu ndi chilengedwe, lomwe lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna ntchito isanayambe.

Nkhawa yanga ili pa fomu ija. Mu 2025 World Bank inavomereza madola 350 miliyoni a ntchitoyi, ndipo malamulo ake amati wolima malo a makolo amayenera chipukuta misozi ngakhale alibe chikalata cha malo. Koma malamulo omwewo amalola tsiku lotsekera kalembera. Chomwe chinalembedwa pofika tsikulo ndicho chimawerengedwa, ndipo ndalama zimalondola dzina lomwe lili pa fomu. Kompyuta ya olipira sidziwa kuti kwanu n'kuchikamwini, kuti munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndi kuti malume ndi woyang'anira chabe.

Milandu ya mtundu uwu ndaiona ikugwa pa ntchito za misewu, ndipo njira yake imakhala imodzi. Munthu amauzidwa kuti "musadandaule, tidzagawana pabanja", iye n'kukhala chete poopa kunyoza akuluakulu. Amadzidzimuka tsiku lomwe ndalama zalowa. Akabwera kwa loya, olipira amatulutsa fomu yosainidwa, yokhala ndi chidindo cha amfumu, n'kunena kuti iwo mbali yawo anathana nayo. Mlandu umasanduka wa inu ndi m'bale wanu, yemwe ndalamazo wagulira kale malata ndi njinga yamoto. Ngakhale mutawina, mulanda chiyani? Zimanditopetsa kuti amfumu ena amadinda mafomu otere akudziwa bwinobwino yemwe amalima mundawo chaka ndi chaka.

Palinso nthawi. Kupempha Khoti Lalikulu kuti liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma kumayenera kuchitika pasanathe miyezi 3 chiganizocho chitapangidwa. Khoti likhoza kuwonjezera masiku ngati pali chifukwa chomveka, koma "tinkakambirana pabanja" sichifukwa chomwe ndingadalire.

Ndiye chitani izi sabata ino. Lembani kalata ku komiti yolandira madandaulo a ntchitoyi, munene kuti dimbalo ndi lanu, simunatume munthu kukusainirani, ndipo mukupempha kuti malipiro a malowo aimitsidwe kufikira dzina litakonzedwa. Ina yofanana ipite kwa a DC. Pa yanu yotsala akudindireni deti, chifukwa dandaulo la pakamwa mawa adzalikana. Pemphani kuona fomuyo ndi kuwerengetsa nokha: mango angati, nthochi mapando angati, nzimbe, kukula kwa malo. Jambulani zonse pa foni. Pezani anthu awiri ochita nanu malire oti adzakuchitireni umboni, ndi kalata ya a gulupu ngati a nyakwawa ali mbali ya malume. Mukakanidwa, gawo 43 la malamulo aakulu aja limakupatsani ufulu wolandira zifukwa zake zolembedwa. Musasaine pepala lililonse lonena kuti mwakhutira musanaliwerengeredwe m'Chichewa, ndipo musadzale mitengo yatsopano pofuna kukweza malipiro, sidzawerengedwa.

Sindingalonjeze kuti dzina lisinthidwa. Zidalira zomwe malume analembetsa, umboni wanu, ndi pomwe malipiro afika. Ngati ndalama sizinatuluke, mwayi ulipo ndithu. Pakatha masabata awiri osayankhidwa, tengani mapepala onse mupite ku Legal Aid Bureau ku Blantyre, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo mukawauze deti lomwe fomuyo inasainidwa musanafotokoze china chilichonse.