Muvi wa agogo umathamanga bwanji? Foni ikuuzani

Wowerenga wina wa ku Senga Bay wanditumizira imelo. Akuti agogo ake anamusiyira uta ndi mivi ya bango, ndipo akufuna kuyeza liwiro la muviwo, koma makina otchedwa chronograph sanawaonepo m'sitolo za pa Salima.

Achimwene, makinawo asakusowetseni tulo. Ntchito yake ndi kuwerenga nthawi imene muvi watenga kudutsa pa timaso tiwiri, basi. Foni yanu ingachite zomwezo pomvetsera.

Imikani thumba lodzaza mchenga pamalo opanda ana ndi mbuzi, muyeze ndi tepi mamita 10 kuchokera pathumbapo, muime pamenepo. Tsegulani chojambulira mawu, mulase. Mawuwo mukawaika mu Audacity, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, muona nsonga ziwiri pa chithunzi cha mawuwo: kulira kwa nsinga ndi kugunda kwa muvi pathumba. Mpata wa pakati pake ndiwo mukufuna.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Phokoso nalo limayenda ulendo, pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo kukatentha ngati kuno kunyanja mu Okutobala limafulumirako pang'ono. Foni ikakhala pafupi ndi uta, phokoso la pathumba limatenga masekondi 0.03 kuti libwerere. Ndiye mukapeza mpata wa masekondi 0.23, chotsani 0.03, patsale 0.20. Gawani mamita 10 ndi 0.20: mwapeza mamita 50 pa sekondi, omwe ndi makilomita 180 pa ola. Ngati masamu ochotserawo akukutopetsani, ikani foni pakatikati, pa mamita 5, koma chapambali kuti musailase. Maphokoso onse awiri achedwa mofanana, palibenso chochotsera. Ine ndimakonda njira imeneyi.

Chimene mwapezacho ndi liwiro la ulendo wonse. Pochoka pa uta muvi umakhala wothamangirako. Lasani kasanu kapena kuposa, m'mamawa mwera usanayambe, ndipo mukoke nsinga mofanana nthawi zonse. Muvi wa chitsulo cholemera upereka nambala yotsika, koma musaupeputse, umalowa kwambiri.

Chondidetsa nkhawa ine ndi utawo. Mtengo womwe wakhala kudenga zaka zambiri umauma, mwinanso anankafumbwe anaulowa. Uyang'aneni ming'alu, muukoke pang'onopang'ono kwa masiku angapo musanaukoke mpaka kumapeto, ndipo musamasule nsinga popanda muvi, mungauthyole.