Zipolopolo zakwera mtengo, kodi ndikongole kuti ndigule zambiri?

Aphungu, ndine mlimi wa ku Macanga, kufupi ndi Furancungo. Ndili ndi mfuti ya caçadeira, calibre 12, ndipo chiphaso chake ndili nacho. Ndinaigula chifukwa nguluwe ndi anyani zinkandithera chimanga. Chaka choipitsitsa ndinataya matumba asanu ndi atatu. Bokosi la zipolopolo 25 lomwe ndinkagula 1,500 meticais pano akuti 2,500, ndipo ulendo wathawu ndinakwera chapa (minibasi) mpaka ku Tete n'kubwerako chimanjamanja, ati zatha. Chaka chatha ndinamaliza mabokosi anayi, nguluwe ndinapha zisanu. Pali munthu akufuna kundikongoza 10,000 pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 mwezi uliwonse, ndidzabweze ndikakolola. Kodi nditenge, kuti zikangofika ndigule zambiri mtengo usanakwerenso? Komanso mlamu wanga akuti akudziwa wina wogulitsa zotchipa cha kumalire.

Bambo, kalata yanuyi ndaiwerengapo kambirimbiri, kungoti ena amalemba za feteleza, ena za mafuta a pampu yothirira mbatatesi ku Tsangano. Katundu wakwera, mtima wathamanga, ndipo wakatapila wafika kale pakhomo chipewa chili m'manja. Inu mwandifunsa za mtengo wa bokosi. Ine diso langa lagwera pa manambala awiri amene mwawalemba mongodutsa: mabokosi anayi, nguluwe zisanu.

Mabokosi anayi ndi zipolopolo 100. Tinene kuti nguluwe iliyonse munaiombera katatu chifukwa unali usiku ndipo dzanja limanjenjemera, ndiye kuti 15. Tiwonjezere 15 zina za anyani. Nanga 70 zinapita kuti? Simunandiuze chifukwa simukudziwa, ndipo simukudziwa chifukwa simulemba. Ndingathe kukulotera. Zina munaombera m'mwamba galu atauwa pakati pa usiku. Zina zinalira pa 31 Disembala kulandira chaka. Zisanu anatenga alamu aja "kukaona china chake kudambo", zitatu mphwanu, ziwiri mnansi amene anati adzabweza ndi nyama. Pamtengo wa lero chipolopolo chimodzi ndi 100 meticais. Kuombera m'mwamba kamodzi kokha ndiye kuti mwaponya ndalama ya pepala ya 100 m'ng'anjo, ndipo nyani wake wangosunthira pamtengo wina n'kumakuonerani.

Za kusowa kwake sindichedwapo, chifukwa palibe chimene inu ndi ine tingachitepo. Zipolopolo zamtunduwu zimachokera kunja, ndipo wogulitsa amafunika chilolezo cha boma choitanitsira komanso madola. Mu 2016, nkhani ya ngongole zobisika za boma la Mozambique itaphulika, metical inagwa mpaka dola imodzi kupitirira 70 meticais, ndipo katundu wakunja sanabwererenso pamtengo wakale. Zaka za 2024 ndi 2025 amalonda ankadandaula kuti madola akusowa m'mabanki. Madola akachepa, mafuta agalimoto ndi mankhwala ndizo zimatsogola, za alenje zimadikira kumapeto kwa mzere. Kunjako nakonso, mu 2020 anthu a ku America anagula zipolopolo mpaka masitolo kuuma, kenako nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 onga wambiri unayamba kupita kwa asilikali. Choncho musayembekeze kuti mtengo utsika mawa.

Tsopano ngongole ija. Mukatenga 10,000 mu Januwale, chiwongoladzanja chake ndi 3,000 mwezi uliwonse. Chimanga chanu chouma bwino chogulitsika sichipezeka mpaka Meyi, ndiye miyezi inayi: 12,000 ya chiwongoladzanja, kuphatikiza 10,000 yake, 22,000. Apa ndawerenga mwachifundo, ngati kuti munthuyo sadzaika chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake, chimene ambiri a iwo amachita mukangochedwa sabata imodzi. Titenge kuti thumba la makilogalamu 50 mudzagulitsa 1,200 pa nthawi yokolola, pamene aliyense akugulitsa ndipo ogula akuchita kusankha. Ndiye kuti matumba 18 apita. Inu mwandiuza nokha kuti chaka choipitsitsa nguluwe ndi anyani pamodzi zinadya matumba asanu ndi atatu. Nguluwe ya miyendo iwiriyi idya kawiri kuposa za m'tchire, ndipo iyoyo simungaiombere.

Mwina munganene kuti mtengo ukadzafika 3,000 pa bokosi mudzakhala mutapulumutsa. Werengani: mabokosi anayi, 500 pa bokosi, mwapulumutsa 2,000 polipira 12,000. Sukulu iliyonse ya pulayimale ku Macanga ikhoza kukupatsani mwana wokuuzani yankho lake.

Alamu anu ndi munthu wawo wa kumalire, ayi. Apa sindiseka. Mfuti ndi zipolopolo m'dziko muno zimayendera lamulo la Decreto 8/2007, ndipo chiphaso chimene apolisi a PRM anakupatsani ndi cha inu nokha, pa mfuti yomweyo. Kugula kwa munthu wopanda chilolezo chogulitsira, kudutsa nazo malire mobisa cha ku Calómuè kapena m'tinjira ta m'minda, kugulitsako zina kwa anzanu kuti mubweze ndalama, kapena kubwereketsa mfuti kwa m'bale, zonsezo zingakulanditseni mfuti ndi chiphaso, n'kukugonetsani m'chitokosi nthawi ya kupalira. Alamuwo akakapha nyama yoletsedwa ndi mfuti yanu, nambala imene idzawerengedwe kukhoti ndi ya mfuti yanu, ndipo lamulo loteteza nyama la 16/2014 analikhwimitsa mu 2017. Zotchipazo simukudziwanso kuti zinasungidwa kuti, zinanyowa kangati. Chimodzimodzi amene angakuuzeni kuti amadzazanso makoko akale ndi onga wopanga yekha, ngati wa gogodela: diso limodzi ndi zala zitatu sizigulidwa ndi 1,000 meticais imene mwasunga.

Ndibwerere ku nkhani ya kulemba, poti ndi imene imandiwawa. Gulani kope la ana asukulu. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku, zipolopolo zimene mwaombera, chifukwa chake, ndi zotsala m'bokosi. Khoko lililonse lotha muzitola n'kuponya m'chitini, Lamulungu lililonse muziwerenga: makoko a m'chitini kuphatikiza zotsala zifanane ndi zomwe munagula. Zikapanda kufanana, muli ndi mbewa m'nyumba, ndipo mbewayo imavala nsapato. Kopelo likuthandizaninso pokana abale. Munthu wa kwathu kuno savutika kukana mlendo, amavutika kukana mwana wa mlongo wake. Koma mukamuonetsa kope n'kunena kuti "mphwanga, izi n'zowerengedwa, apolisi akafunsa ndiyankha chiyani?", simunamumane ndinu, wamumana ndi lamulo, ndipo pa maliro mudzakhalabe pamphasa imodzi. M'kope lomwelo mulembemo ndalama ya chapa, ya chakudya ndi ya malo ogona ku Tete, ndiponso ya kukonzetsanso chiphaso. Ndikukayika ngati munayamba mwaziphatikizapo pa mtengo wa bokosi. Ulendo umene munabwerako chimanjamanja uja ukanapewedwa ndi foni ya 20 meticais. Tengani nambala ya sitoloyo, musamakwere galimoto musanamve kuti katundu alipo.

Mukayamba kulemba muona kuti bokosi limodzi, likachuluka awiri, likukwanirani chaka chonse. Ndiye 2,500 kapena 5,000, ndalama yoti mungaisunge pang'onopang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola kuyambira pokolola, kapena kuitenga pa chipereganyu chanu cha xitique, popanda chiwongoladzanja. Mukafuna kusungako zapadera, yambani mwafunsa ku Comando ya apolisi kuchuluka kumene chiphaso chanu chimalola, ndipo muzisunge pouma, m'bokosi lokhoma, kutali ndi ana ndiponso padera ndi mfutiyo.

Ntchito yoopseza isiyireni zinthu zotchipa. Anyani amabwera masana ndipo amaopa munthu amene akumuona. Chilindo pakati pa munda, mnyamata waganyu ndi agalu awiri kwa masabata asanu ndi limodzi amene chimanga chili chachiwisi sizingakudyereni 10,000. Mukagwirizana ndi eni minda yoyandikana nanu kulipira mlonda mmodzi, mtengo ugawika patatu. Nguluwe imabwera usiku ndipo ili ndi njira zake zomwe mukuzidziwa kale: ngalande m'malire mwa munda, zitini pa waya, moto pamalo pomwe imalowera. Mfuti ikhale ya tsiku limene zonsezi zalephera.

Pali funso lina limene mwina simungalikonde. Ngati kope litadzaonetsa kuti mfutiyi ikudya matumba ambiri kuposa amene ikupulumutsa, kodi mudzaisungabe? Nkhondo itatha mu 1992, a bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane anayamba mu 1995 kulandira mfuti n'kupereka makasu, njinga ndi makina osokera. Zimenezo zinali mfuti zankhondo, yanuyi ndi yovomerezeka, sindikukufananizani ndi iwo. Ndikungoti m'dziko muno alipo anthu amene anawerengapo mtengo wa mfuti m'makasu, masamu ake n'kuwakomera. Ngati mumaikonda chifukwa cha ulenje ndi ulemu wake, palibe cholakwa, koma ndalama yake izichokera m'thumba la zosangalatsa, osati kuilemba ngati yoteteza munda.

Wakatapila uja mumuuze kuti mwaganiza zodikira, musamupatse chifukwa china, chifukwa mukampatsa chifukwa adzabwera ndi yankho. Mu Meyi mundilemberenso, munditumizire manambala atatu: makoko a m'chitini, matumba amene mwakolola, ndi zipolopolo zimene alamu anapempha.